Ndinabereka Jekete Kuchokera ku Namitete Mpaka ku Nambuma

Ulendo wa ku Nambuma ndinauyenda mu Januwale, pa tchuthi chija chokumbukira m'busa amene anakana thangata. Sindinauze munthu aliyense kupatula mwana wanga Esinati, ndipo ngakhale iyeyo ndinamuuza theka chabe. Anansi anga kuno ku Namitete ndinawauza kuti ndikukaonetsa maso kuchipatala. Ukanena kuti ukagona kutali, pobwera umapeza nkhuku zako zachepa.

Chimene ndinanyamula chinali jekete lakuda la aphunzitsi a Kamtedza. Zaka zoposa makumi anayi zapitazo ndinali pabanja ku Nambuma. Inali nthawi ya makadi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena m'chipatala usanaonetse khadi la chipani. Matenda a uchembere atandiyamba, bambo a Esinati anali ku esiteti ya fodya. Aphunzitsi a Kamtedza, amene analinso mkulu wa mpingo kwathu, anabwereka ngolo n'kunditengera kuchipatala mvula ikugwa. Pafupi ndi geti tinapeza anyamata atapingasa mtengo pamsewu. Ankafuna makadi awiri, langa ndi la mwana amene anali m'mimba. Ine ndinalibe ngakhale limodzi. Aphunzitsi anavula jekete lawo n'kundifunditsa, kenako anatsika pangolo n'kukachotsa mtengo uja ndi manja awo.

"Munthu wosabadwa simungamugulitse khadi," anatero. "Ngati mukufuna wommanga, mundipeza kusukulu."

Patapita masiku atatu anakawapezadi kusukuluko. Anakhala kundende zaka zisanu. Ife tinauzidwa kuti anadya ndalama za sukulu, ndipo amene anachitira umboni wa bodzalo anali anthu amene tinkaimba nawo Lamulungu lililonse. Atabwera ena kudzandifunsa zimene ndinaona pageti, ndinati sindinaone kanthu, ndinali pa ululu. Jekete ndinalibisa pansi pa bokosi, pamodzi ndi masamba a fodya kuti njenjete zisalidye, ndipo chaka chotsatira tinasamukira kuno. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira munthu. Ndimadziwa zimene pakamwa pa mkhristu pangathe kunena, poti panga pomwe panatero.

Aphunzitsi anabwerako akutsimphina ndipo sanawalolenso kuphunzitsa. Mpaka kumwalira kwawo ankawaza nkhuni n'kumakatula kuchidikiro, kumene amayi oyembekezera amadikirira tsiku lawo pafupi ndi chipatala. Mpingo unatengera mwambowo: pa tchuthi cha mu Januwale anthu amatuta nkhuni, kusesa ndi kukonza zothyoka kuchidikiroko. Koma chaka chino Esinati analandira uthenga pafoni wakuti a Nankhoma, akazi a aphunzitsi, saonanso, ndipo mwana wawo adzawatenga madzulo a tsiku la ntchitoyo kuti azikakhala nawo ku Mzuzu. Uthengawo unanenanso kuti akulu ena a mpingo amakanabe kuti dzina la aphunzitsi litchulidwe m'pemphero lotsekera, poti nkhani ya ndalama ija palibe anaitsutsapo. Wotsala amene anali pangolo tsiku lija ndine ndekha. Ndinayenera kukafika a Nankhoma asanakwere galimoto.

Makondakitala ndimawadziwa. Katundu amakulanda m'manja n'kukamuponya kumbuyo, ndipo potsika umauzidwa kuti wina watenga molakwitsa. Choncho jekete ndinalikulunga bwinobwino, pamwamba n'kuliveka kachipewa kaubweya ka mdzukulu wanga, ndipo ndinalibereka kumbuyo ngati khanda, pamwamba pa bulauzi yanga yoyera ya amayi a mpingo. Popeza kunkawaza mvula, ndinafunditsanso chitenje china mpaka kuphimba kachipewa komwe. Esinati anaseka kuti anthu aziti ndaba mwana wa eni. Ndinamuuza kuti khanda palibe amalilanda m'minibasi.

Pasiteji ya Namitete ndinafika dzuwa lisanatuluke bwino. Minibasi inkaoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza, koma amuna atatu a kumbuyo ndinawazindikira msanga: analibe katundu, nsapato zawo zinali zouma, ndipo ankaseka ndi dalaivala. Aja ongokhala kuti anthu akopeke. Aliyense weniweni akakwera, mmodzi wa iwo ankatsika ngati akukagula chinachake. Tinakhala pamenepo kupitirira ola, injini ikungolira. Ine ndinakhala kunsonga kwa mpando osatsamira, kuopa kukwinya jekete la eni. Kondakitala anati ndimubweretse mwanayo kutsogolo, apsinjika. Ndinangoyang'ana pansi.

Pambali panga panakhala mayi wina wathupi, wa zaka za Esinati, ali ndi dengu la therere pamiyendo. Anandipatsa moni, ine n'kuyankha ndi mutu. Pa Msundwe panakwera bambo wa chisoti choyera cha Chisilamu ndi makatoni awiri a sopo, n'kukhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Ndinamva mpweya wake pakhosi panga. Mfundo ya chitenje ndinaigwira ndi manja onse awiri.

Pa Mpingu minibasi inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta atha. Kondakitala anatenga chigubu n'kukwera njinga ya munthu, ife n'kutsala m'mbali mwa msewu mawindo otseka chifukwa cha mvula. Munatentha m'katimo. Khanda la mayi wina kutsogolo linayamba kulira, n'kulira, mpaka analiyamwitsa. Pamenepo m'pamene mayi wa therere anayamba kuyang'ana kumbuyo kwanga. Anayang'ana kamodzi, kawiri, kenako anatambasula dzanja n'kukhudza chitenje pang'ono, n'kulibweza msanga ngati wapsa. Ndinamuyang'ana m'maso kuti adziwe kuti ndamuona. Iye anatembenuka n'kunong'oneza bambo wa chisoti, bamboyo n'kunong'oneza wa pambali pake, manong'onong'owo n'kukafika kwa dalaivala. Dalaivala anazimitsa wailesi. Minibasi yonse inangoti zii.

Ndinadziuza mumtima kuti amenewa akudziwana. Azindikira kuti si mwana, ndiye akuganiza kuti ndabisa ndalama za fodya kapena za mpingo.

Kondakitala atabwera ndi mafuta tinapitirira mpaka pamphambano pamene msewu wa ku Kasiya umapatukira. Potsika ndinamupatsa ndalama yake. Anaiyang'ana, n'kupinda zala zanga kuti ibwerere m'manja mwanga, nati, "Pitani bwino, agogo. Mulungu akulimbitseni." Chibadwire sindinaonepo kondakitala akukana ndalama. Ndinaona kuti amene wakana zochepa ndiye kuti akuyembekeza gawo lake pa zambiri.

Awiri aja anatsikanso pomwepo. Bambo wa chisoti anabwera atagwira pachifuwa, nati dzina lawo ndi a Yusufu, ali ndi golosale ku Nambuma, ndipo anamva ndikuuza kondakitala kuti ndikupita komweko. Mayi wa therere anati iwo ndi a Nabanda, akupita kwa achemwali awo ku Kabudula, koma therere silithawa, andiperekeza kaye mpaka kwathu. Ndinati sindinapemphe wondiperekeza. Iwo anangoyang'anizana ndi a Yusufu, ndipo kuyang'anizana kumeneko kunandiwonjezera chikayiko.

Kagalimoto ka ku Nsaru kanali ka anthu asanu ndi awiri koma tinalowamo khumi ndi mmodzi. Kutsogolo, kumene amapanikizako anthu awiri, anandikhazikako ndekha. Palibe anadandaula. Njira yonse ndinkayang'ana pakalilole ka dalaivala kuwerenga manja a anthu a kumbuyo, ndipo minda ya chimanga ndi fodya imene inkadutsa sindinaione n'komwe.

Pa Nsaru tinafika dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Galimoto za ku Nambuma kunalibe. Oyendetsa njinga zamoto anati ndi matope amenewa sapitako. Panali lole imodzi yaing'ono ya matola, itanyamula matumba a feteleza, ndipo dalaivala wake anati sanyamuka mpaka anthu achuluke. Tinakhala pakhonde la sitolo. Ndinkayang'ana mthunzi wa mzati ukufupika, kenako n'kuyamba kutalikira mbali inayo. M'maganizo mwanga ndinkaona a Nankhoma akuwakweza m'galimoto, chitseko n'kutsekeka.

A Yusufu anabwera ndi tiyi m'kapu ndi mandasi awiri. Ndinakana. Nkhani za anthu odyetsedwa mankhwala ogonetsa paulendo ndinazimva zambiri. Anayesanso kachiwiri, koma a Nabanda anawauza motsitsa mawu kuti asandikakamize, pa zotere pakhosi sipadutsa kanthu. Kenako a Yusufu anasowa. A Nabanda anati apita kumzikiti kukapemphera. Ine ndinati mumtima, eya, apita kukaitana anzawo. Atabwera ndinawaona akulankhula ndi dalaivala wa lole kuseri kwa galimoto, akuloza kumene ndinali ndi chibwano. Anamupatsa kanthu m'manja. Dalaivala, amene ankati sanyamuka, analiza injini nthawi yomweyo.

Anati ndikhale kutsogolo. Nditaona kuti chitseko chake chimatsegulidwa ndi waya kuchokera kunja, ndinakana n'kukwera kumbuyo pamatumba, pamene ndikanatha kukuwa anthu n'kundimva. Tinalipo anthu khumi ndi angapo. A Nabanda anakhala pafupi nane n'kundiphimba ndi ambulera yawo, iwo akunyowa phewa.

Titadutsa Kabudula n'kulowa msewu wafumbi, umene tsiku limenelo unali phala lokhalokha, ndinaona amuna akuvula zipewa mmodzimmodzi, mvula ikuwagwa pamutu. Mayi wina anayamba kung'ung'udza nyimbo, ena n'kulandira. Ndinaidziwa. Ndi imene timaimba potuluka ndi bokosi m'nyumba. Ndinaganiza kuti anthu awa akundiimbira ine ndidakali moyo, ndipo ndinayamba kuyang'ana m'mbali mwa msewu kuti ndikadumpha ndigwera pati.

Lole inaterereka kangapo, amuna akutsika kukankha n'kukweranso ali matope mpaka m'mawondo. Kenako tinafika padambo pamene kamtsinje kanasefukira n'kumiza kamlatho. Dalaivala anayesa kulambalala cha kumtunda, matayala akumbuyo n'kumira mpaka chitsulo. Anathyola nthambi, anatuta miyala, anatsitsa matumba ena. Tayala linkangozungulira n'kumatimwaza matope. Patapita nthawi dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti popanda thirakitala lole igona pomwepo. Wina atayang'ana foni anati nthawi yadutsa 2 koloko.

Mwamuna wina analowa m'madzi kuyesa, ndipo madziwo anamufika m'chiuno, akukoka. Anthu anayamba kumanga katundu pamutu. Ine ndinaima m'mphepete ndikuyeza ndi maso: madzi a m'chiuno mwa mwamuna uja kwa ine ndi a pachifuwa, ndipo jekete linali kumbuyo. Kutsala sindikanatha. Kuwoloka nalo chiberekere sindikanathanso.

A Yusufu anabwera n'kunjuta patsogolo panga, maso ali pansi.

"Amayi, mwamubereka kuchokera kutali," anatero. "Tipatseni ife amuna timuwolotse. Sanyowa, ndikulonjezani. Zovuta zotere ndi za tonse."

Ndinabwerera m'mbuyo nditagwira mfundo. A Nabanda anandigwira mkono, misozi ili m'maso, n'kufunsa monong'ona kuti, "Watisiya liti, mayi? Usiku wathawu? Ndi mdzukulu eti?"

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Tonse timadziwa zimene mayi wosauka amachita khanda likamwalira kutali ndi kwawo: amalibereka, n'kulifunditsa mutu womwe, n'kukwera minibasi osalira, osalankhula, kuti asamutsitse kapena kumulipiritsa ya maliro. Ine ndinayenda kuchokera ku Namitete ndi kamtolo kophimbidwa kosagwedezeka, kosalira, osatsamira, osadya, osayankha munthu. Wailesi ija, ndalama ya kondakitala, mpando wa kutsogolo, zimene a Yusufu anapatsa dalaivala, zipewa, nyimbo: zonsezo anthu ankaperekeza maliro.

Ndinena zoona, ganizo loyamba limene linandibwerera linali lakuti ndingokhala chete. Akanaliwolotsa ndi ulemu wonse, ine n'kukafika osachita manyazi. Kukhala chete ndimakutha; kunandipulumutsapo kale. Koma ndi kumene kunandiyendetsa ulendo umenewu. Ndinamasula mfundo, n'kuchotsa kachipewa, n'kutambasula jekete pamaso pa onse.

Kenako mwamuna amene anayesa madzi uja anabweza chipewa chake pamutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti chichokereni pa Kabudula tikunyowetsa dazi chifukwa cha jekete?" Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Dalaivala anati akanadziwa sakananyamuka ndi lole yosadzaza n'kudzaimiza m'dambo. A Nabanda anasiya mkono wanga. Zimenezo ndizo zinandipweteka kwambiri.

Ndinapepesa, n'kunena kuti jeketelo ndi la aphunzitsi a Kamtedza. Nkhalamba ina imene inakhala pathumba la feteleza inafunsa ngati ndikunena uja anadya ndalama za sukulu.

Ndinati sanadye kanthu. Ndipo pomwepo, mvula ikuwaza, kwa anthu amene m'mawa womwewo ndinkawayesa akuba, ndinanena zimene sindinauzepo ngakhale bambo a Esinati mpaka kumwalira kwawo. Ndinanena za ngolo, za mtengo wopingasa, za makadi awiri, ndi za tsiku limene ndinafunsidwa n'kunena kuti sindinaone kanthu. Nditamaliza, nkhalamba ija inangoyang'ana kumadzi. Mwamuna wa dazi anavulanso chipewa n'kuchipinda m'manja.

A Yusufu anati amayi awo anadikirira kuchidikiro komweko ali ndi pakati pa iwo, ndipo ankaphikira nkhuni za aphunzitsiwo, amene sankafunsa kuti munthu amapemphera kuti. Makatoni a sopo aja ankapita komweko. Amatero chaka chilichonse. Kenako anatambasula manja.

"Madzi sanaphwe, amayi. Jekete kapena mwana, wowolotsa ndi yemweyo."

Ndinayang'ana manja awo nthawi yaitali. Zaka zonsezi jekete lija silinagwidwepo ndi munthu wina. Ndinalikulunganso m'chitenje n'kuwapatsa. Analiika pamutu, pamwamba pa chisoti, n'kulowa m'madzi, sopo wawo atamusiya kwa dalaivala. A Nabanda anandigwira kudzanja lamanja osandiyang'ana, mwamuna wa dazi kumanzere. Madzi anali ozizira ndipo ankandichotsa mapazi pansi. Sindinayang'ane kumene ndikuponda. Maso anga anali pa kamtolo kaja, ndipo a Yusufu atangotsetsereka pang'ono pakati pa mtsinje ndinakuwa. A Nabanda anandiuza kuti nditseke pakamwa ndingamwe madzi, ndawavutitsa kale mokwanira.

Kutsidya kunali ngolo ya munthu wina wa mpingo amene anachedwa ndi nkhuni zake chifukwa cha matope omwewo. Anatikweza atatu, ine, a Nabanda ndi a Yusufu, pamwamba pa nkhunizo. Ng'ombe zinkayenda ngati zilibe kopita, ine ndikungoyang'ana dzuwa. Jekete a Yusufu anandibwezera louma.

Kuchidikiro tinapeza ntchito yatha. Nkhuni zinali zitaunjikidwa mpaka kudenga, pabwalo posesedwa, ndipo anthu anali atayamba kubalalika. Pemphero linali litachitika kale. Pansi pa mtengo panali galimoto yoyera, mwamuna wina akumangirira matiresi pamwamba. Kumpando wa kumbuyo kunali gogo wamng'ono thupi, maso ake oyera ngati mkaka: a Nankhoma. Ndinagwada m'matope pachitseko n'kunena dzina langa ndi mudzi umene ndinakwatiwako. Sanandikumbuke. Ndinaika jekete pamiyendo pawo.

Analisisita kuyambira kukolala, n'kutsika ndi mkono mpaka pachigongono pamene panali chigamba. Zala zawo zinaima pamenepo, zikutsata ulusi.

"Ichi ndinasoka ndine," anatero. "Ndinawafunsa zaka zonse kuti jekete munalisiya kuti. Ankangoti lili kwa munthu amene ankalifuna kuposa iwo."

Ndinayamba kuwafotokozera, koma anandidula. Anati iwo amuna awo ankawadziwa, safunika kuuzidwa. Ofunika kumva ndi aja akupita kwawo aja. Anauza mwana wawo kuti asiye matiresi akaimbe chitsulo choitanira anthu. Iye anadandaula kuti Mzuzu ndi kutali ndipo kukuda. Anamuyankha kuti Mzuzu sasamuka.

Anthu anabwerera, ena makasu ali paphewa. A Nankhoma anatsika, anavala jekete lija, manja ake akulendewera kupitirira zala zawo, n'kukhala pampando patsogolo. Anandiuza kuti ndikweze mawu poti akulu a mpingo ena makutu anayamba kuwavuta kalekale. Ndinaima bulauzi yanga ili yofiira ndi matope, a Nabanda kumbuyo kwanga, a Yusufu chapatali pafupi ndi nkhuni. Kufotokoza kachiwiri kunali kosavuta kusiyana ndi kumtsinje. Mkulu wina wa imvi, mmodzi wa mboni zabodza zija, amene ndinamuzindikira ngakhale wakalamba, anayang'ana pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Palibe anatsutsa. Abusa anati tipempherenso, ndipo m'pempherolo anatchula dzina la aphunzitsi lonse, kawiri.

Galimoto inanyamuka a Nankhoma atavalabe jekete. Ine ndi a Nabanda tinagona kwa mayi wina wa mpingo, ndipo m'mawa tinapeza matola ena odzera njira ya kumtunda. Therere lawo linali litayamba kufota. Ndinati ndiligule lonse, iwo anakana, nati ndingowagulira mandasi aja ndinakana dzulo. Tinadya limodzi. Galimoto itayamba kuyenda ndinali nditakhalanso kunsonga kwa mpando, msana uli chilili, manja ali pachifuwa pamene panali mfundo. A Nabanda anandiyang'ana, n'kundikankha paphewa pang'onopang'ono.

"Tsamirani, mayi," anatero. "Kumbuyoku kulibenso kanthu."